NYUMBA YA NYIMBO YA MU LONDON: MBIRI YA ROYAL ALBERT HALL

M'dera la mzinda wa London lotchedwa South Kensington muli nyumba yaikulu ya njerwa zofiira imene mlendo sangaiphonye. Nyumba zoyandikana nayo n'zangodya zinayi, koma iyo njozungulira monga nkhokwe, ngakhale kuti poiyeza bwino imapezeka kuti njotalikirako mbali imodzi monga dzira: m'litali mwake ndi mamita 83, m'lifupi mamita 72. Dzina lake ndi Royal Albert Hall. M'menemo anthu amasonkhana madzulo kudzamva nyimbo, ndipo akhala akutero kuyambira m'chaka cha 1871.

Usana, oimba asanafike, mumalowa alendo a mtundu wina. Awa sadzera nyimbo ayi, koma kudzaona nyumba yeniyeniyo ndi kumva mbiri yake. Amasonkhana pa khomo la nambala 12, ndipo akakwana kagulu pamafika namulondola, ndiye munthu amene ntchito yake ndi kuyenda ndi alendo ndi kuwafotokozera zimene akuona. Ulendowo umatenga ngati ola limodzi. Ola limodzi n'lochepa kwa nyumba ya zaka zoposa 150, motero namulondola amachita kusankha zonena. Koma pali nkhani ziwiri zimene mlendo watcheru amakumana nazo ngakhale atapanda kuuzidwa, pakuti nyumba iyi inabadwa ndi zilema ziwiri. China chinali m'denga, china m'mipando. Cha m'denga chinachira patapita zaka 98. Cha m'mipando chilipobe.

MWINI DZINA

Albert anali mwamuna wa Mfumukazi Victoria ya ku Mangalande. Anabadwira ku Jeremani mu 1819, nakwatira Victoria mu 1840, ndipo anabereka ana asanu ndi anayi. Popeza ufumu unali wa mkazi wake, iye analibe mphamvu ya kulamula dziko. Tsono nzeru zake anaziika pa maphunziro ndi ntchito zaluso. Ankaona kuti Angerezi ali ndi makina ambiri ndi chuma chambiri, koma anthu wamba ogwira ntchito m'makinawo alibe poonera zinthu zabwino ndi pophunzirira.

Mu 1851 Albert ndi mnzake Henry Cole, munthu wa m'boma wosadziwa kutopa, anakonza chionetsero chachikulu m'munda wa Hyde Park. Anamanga nyumba ya chitsulo ndi magalasi okhaokha, naitanitsa katundu wa m'maiko ambiri: makina, nsalu, mbiya, miyala ya mtengo wapatali ndi zina zotere. Ambiri ankanena kuti ntchitoyo idzangomwaza ndalama. Koma pa miyezi yosakwana isanu ndi umodzi analowamo anthu oposa 6,000,000, ndipo atalipira zonse panatsala phindu la mapaundi 186,000. Albert analangiza kuti ndalamazo agulire malo kumwera kwa mundawo, ndi kuti pamalopo pamangidwe masukulu, nyumba zosungiramo zinthu zakale ndi zamakono, ndiponso holo yaikulu yochitiramo misonkhano ya anthu ophunzira, zionetsero ndi nyimbo.

Iye mwini sanaione holoyo. Anamwalira pa 14 December 1861 ali ndi zaka 42 zokha, ndipo madokotala a nthawiyo anati inali nthenda ya typhoid. Mfumukazi inalira maliro amene sanathe: inavala zakuda kufikira imfa yake mu 1901, ndipo kwa zaka zambiri inkakana kuonekera pagulu.

Anthu anasonkha ndalama za chikumbutso. Poyamba anaganiza zomanga zinthu ziwiri, chipilala ndi holo, koma chipilala chokha chinadya pafupifupi zonse. Chipilalacho chili tsidya la msewu, kuyang'anizana ndi holo, ndipo alendo amachiona bwino ali pa mazenera a kumpoto. Pakati pake pali fano la Albert lopakidwa golide, atakhala pampando, m'dzanja muli buku la chionetsero cha 1851. Pangodya zake zinayi pali mafano oimira Ulaya, Asia, America ndi Afirika. Ulaya anamupatsa ng'ombe, Asia njovu, America njati ya kumeneko, ndipo Afirika anamupatsa ngamira, pakuti osema ake poganiza za Afirika ankayamba kuganiza za Aigupto.

MIPANDO YOGULITSA

Holo inatsala yopanda ndalama, ndipo ikanathera pomwepo pakanapanda Henry Cole. Mutu umodzi susenza denga. Tsono Cole anaganiza zogawira mtolowo anthu ambiri. Njira yake inali iyi: kugulitsa mipando ya m'nyumba imene inali isanamangidwe. Munthu wolipira mapaundi 100 ankakhala mwini mpando umodzi, osati kwa usiku umodzi kapena chaka chimodzi, koma kwa zaka 999. Mpandowo akanatha kuusiyira ana ake kapena kuugulitsa monga munda. Olemera kwambiri ankagula kachipinda kathunthu ka m'mbali mwa khoma: ka mipando khumi mapaundi 1,000, ka mipando isanu mapaundi 500. Mfumukazi inagula mipando 20. Yonse yogulitsidwa inakwana ngati 1,300. Akuluakulu osunga chuma cha chionetsero chija anaonjezapo ndalama, napereka malo pa lendi ya sheleni imodzi pa chaka, nayonso kwa zaka 999.

Mapaundi 100 masiku amenewo sizinali ndalama zamasewera. Wantchito wamba akanagwira ntchito chaka chathunthu osazipeza. Motero nyumba imene Albert anaifunira anthu onse inayamba ndi eni ake, ndipo eni akewo anali anthu achuma. Cole sayenera kudzudzulidwa kwambiri pa ichi, pakuti popanda nzeru yakeyo sipakanakhala holo konse. Koma walira mvula walira matope, ndipo matope ake adzaoneka m'tsogolomu.

Mapulani a nyumbayo anajambulidwa ndi asilikali awiri a gulu la amisiri a nkhondo. Woyamba, Kaputeni Francis Fowke, anamwalira mu 1865 ntchito isanayambe, ndipo Henry Scott ndiye anapitiriza. Chitsanzo anatenga ku mabwalo amasewera a Aroma akale, amene anali ozungulira, mipando yake yokwera m'mwamba mizeremizere kuti aliyense aone pakati. Anaiwala chinthu chimodzi, kapena anachipeputsa: mabwalo a Aroma analibe denga.

Pa 20 May 1867 Mfumukazi inabwera kudzaika mwala wa maziko. Dzina limene linakonzedwa linali Central Hall of Arts and Sciences, ndiye kuti holo yapakati ya zaluso ndi sayansi. Koma Victoria poika mwalawo anaikapo dzina la mwamuna wake, ndipo panalibe wotsutsa.

NTCHITO YA AMISIRI

Mlendo asanalowe n'koyenera ayambe wazungulira kunja, nayang'ane m'mwamba. Makomawo anadya njerwa ngati 6,000,000, pamodzi ndi zidutswa 80,000 za dothi lowotcha lotuwirako zokongoletsera mazenera ndi makomo. Pansi pa denga pali lamba wa zithunzi wozungulira nyumba yonse, wotalika mamita oposa 240, wosonyeza anthu akulima, akumanga, akuimba, akuyeza nyenyezi ndi kugwira ntchito zina. Zithunzizo sizopaka utoto ayi. N'zolumikiza tizidutswa tating'onoting'ono ta dothi lowotcha, ndipo olumikiza ake anali akazi amene ankaphunzira lusolo pa nyumba ya zionetsero ya South Kensington. Mayina a amuna ojambula analembedwa m'mabuku ambiri. Akaziwo amangotchulidwa pamodzi monga gulu.

Ntchito yoopsa inali ya denga. Linayenera kuphimba bwalo lonse popanda mzati ngakhale umodzi pakati, pakuti mzati ukanatchinga anthu. Mmisiri wina, Rowland Mason Ordish, anakonza denga la mbiriwiri longa mphika wovundikira, nthiti zake zachitsulo zolemera matani 338, ndipo pamwamba pake magalasi. Zitsulozo anazisula ku Manchester, mzinda wa kumpoto. Asanazitumize anayamba alimanga dengalo komweko kuti aone ngati zonse zikugwirizana. Atakhutira analiphwasula, nalitumiza ku London, kumene analimanganso pamwamba pa makoma, litatsamira pa michirikizo ya mitengo.

Tsiku lochotsa michirikizo linali la mantha. Panalibe amene akanalumbira kuti denga lotere lidzaima lokha. Anatulutsa antchito onse, natsala okhawo odzipereka mwa kufuna kwawo. Atagwetsa mchirikizo wotsiriza, denga linatsika ndithu, koma linatsika mamilimita asanu ndi atatu okha, kosakwana ndi kunenepa kwa chala chakaniso, nkukhazikika pa makoma. Lili pomwepo kufikira lero, mamita 41 kuchokera pansi.

TSIKU LOTSEGULIRA

Holo inatsegulidwa pa 29 March 1871. Mfumukazi inafika, anthu atadzaza mbali zonse, nyale za gasi zikwizikwi zili ngwee. Koma nthawi yoti ilankhule itakwana, chisoni chinaigwira pakhosi, ndipo mwana wake Edward, amene pambuyo pake anadzakhala mfumu, ndiye analengeza m'malo mwake kuti Mfumukazi yatsegula nyumbayo.

Tsiku lomwelo chilema choyamba chinadziwika. Olankhula ankamveka kawiri. Mawu ankatuluka pakamwa, ndipo pakapita kamphindi ankabweranso kuchokera kumwamba monga pali wina wonyogodola.

Chifukwa chake n'chosavuta kumva. Mwana woweta mbuzi akafuula pafupi ndi phiri, phirilo limamuyankha. Si mzimu ayi, koma mawu ake omwe amene agunda thanthwe nabwerera. Mawu amayenda mumpweya mamita ngati 340 pa sekondi imodzi. M'chipinda chaching'ono amagunda khoma ndi kubwerera msanga kotero kuti khutu silisiyanitsa oyamba ndi obwerera. Koma m'holo iyi mawu ankakwera mamita 40, nagunda galasi lolimba, natsikanso mamita 40, ndipo ulendo umenewo umatenga pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a sekondi. Nthawi yotere khutu limaimva bwino lomwe. Choipa china n'chakuti denga lopindika silimwaza mawu koma limawasonkhanitsa, monga mbale isonkhanitsira madzi pakati pake. Tsono panali mipando ina pamene mawu obwerera ankamveka mwamphamvu zedi, pamene mnzako wokhala chapatali pang'ono ankamva bwino ndithu. Anthu a mu London anapekapo nthabwala: ankati iyi ndiyo nyumba yokha m'mene wopeka nyimbo Wachingerezi angakhulupirire kuti nyimbo yake idzamveka kawiri.

Anayesa njira zambiri. Anapachika chinsalu chachikulu pansi pa denga. Chinathandiza pang'ono, chinatchinganso dzuwa, koma chinkasunga fumbi losaneneka. Mu 1949 anachichotsa naikapo malata a aluminiyamu, ndipo kuyambira pamenepo kuwala kwa dzuwa sikulowanso m'bwalomo. Koma mawu obwerera sanathe. Mankhwala enieni anapezeka mu 1969, pamene akatswiri oyeza mawu anapachika m'mwamba zimbale zazikulu 135 zopangidwa ndi ulusi wa galasi. Zimbalezo zimalandira mawu asanafike kudenga ndi kuwabweza msanga, mowamwaza mbali zonse. Anthu anazitcha bowa, pakuti zimafanana ndi bowa wolendewera. Mu 2001 anayezanso, napeza kuti zinachuluka. Anachotsapo 50, nasuntha zotsalazo, ndipo tsopano zilipo 85.

Palibe mlendo amene amalowa m'bwalomo osafunsa za bowayo. Kunena zoona si wokongola, ndipo Fowke ndi Scott akanamuona sakanakondwa. Koma mibadwo itatu ya oimba inavutika m'nyumbamo iye asanabwere, ndipo woimba aliyense angasankhe denga loipa maonekedwe kusiyana ndi denga lomuyankha.

LIMBA

Kumbuyo kwa nsanja ya oimba kwaima limba lalikulu, zitoliro zake zili ndandanda ngati nsungwi. Analipanga Henry Willis, ndipo mu 1871 linali lalikulu koposa onse pa dziko lapansi. Limba lotere limalira ndi mphepo: woimba akadina, kachitseko kamatseguka, mphepo nilowa m'chitoliro. Poyamba mphepoyo inkapopedwa ndi makina a nthunzi. Analikonzanso ndi kulikuza pakati pa 1924 ndi 1933, ndiponso pakati pa 2002 ndi 2004, ndipo zitoliro zake tsopano zatsala pang'ono kukwana 10,000. Zooneka ndi maso n'zochepa chabe. Zambiri zili m'kati, zina zazitali kuposa nyumba, zina zazifupi ngati pensulo. Mu Britain monse limaposedwa ndi la m'tchalitchi chachikulu cha ku Liverpool lokha.

AMENE ANAIMA PA NSANJAYO

Apa ndi pamene namulondola amasowa poyambira. Giuseppe Verdi wa ku Italy anatsogolera nyimbo zake m'menemo mu 1875, Richard Wagner wa ku Jeremani mu 1877. Mu May 1890 anthu anadzaza holo kudzamva Henry Morton Stanley akusimba za ulendo wake wodutsa m'nkhalango za Congo. Ndi Stanley yemwe uja anapeza David Livingstone ku Ujiji mu 1871, chaka chomwe holo inatsegulidwa. Mlendo akayenda pang'ono chakum'mawa mu msewu womwewo adzapeza fano la Livingstone litaima pakhoma la nyumba ya bungwe la Royal Geographical Society.

Kuyambira mu 1908 akazi omenyera ufulu wa kuvota ankachitiramo misonkhano yawo yaikulu, motsogozedwa ndi Emmeline Pankhurst, mpaka akuluakulu a holo anawatsekera khomo mu 1913 poopa chiwawa. Patapita zaka zisanu akazi a zaka 30 ndi kuposa anapatsidwa voti, ndipo mu 1928 anawalinganiza ndi amuna. Mu October 1933 Albert Einstein, atathawa ulamuliro wa Hitler, analankhulamo popempha thandizo la anthu ophunzira amene anathamangitsidwa ku Jeremani. Mwachitika nkhonya, ndipo Muhammad Ali anaonetsamo luso lake mu 1971 ndi mu 1979. Mu July 1996 Nelson Mandela, ali pulezidenti wa South Africa, anakhala m'chipinda chachifumu pamodzi ndi Mfumukazi Elizabeth, ndipo nyimbo za kwawo zitafika pokoma mkuluyo anaimirira nayamba kuvina, khamu lonse nkumutsatira.

Koma pali munthu mmodzi amene nkhani yake iyenera kufotokozedwa mofatsa. Samuel Coleridge-Taylor anabadwa mu London mu 1875. Bambo wake anali dokotala wochokera ku Sierra Leone, mayi wake Mngerezi. Anaphunzira pa sukulu ya nyimbo ya Royal College of Music, imene ili kuseri kwa holoyi. Ali ndi zaka 23 anapeka nyimbo yaitali ya kwaya yotchedwa Hiawatha's Wedding Feast, ndipo posowa ndalama anaigulitsa kwa osindikiza pa mtengo wa magini 15, ndiye kuti mapaundi 15 ndi masheleni 15, osatsala ndi gawo lililonse. Anaonjezapo zigawo zina ziwiri, ndipo mu March 1900 zonse zitatu zinaimbidwa pamodzi koyamba mu Royal Albert Hall, iye mwini akutsogolera. Nyimboyo inakondedwa kwambiri. Makwaya a m'dziko lonse anagula mabuku ake zikwizikwi, phindu lonse nkupita kwa osindikiza. Mwini wake anagwira ntchito usana ndi usiku kuti adyetse banja, ndipo anamwalira ndi chibayo mu 1912 ali ndi zaka 37. Anzake anachita kukonza usiku wa nyimbo m'holo yomweyi kuti asonkhere mkazi wake ndi ana. Umphawi wa banjalo unachititsa manyazi anthu ambiri, ndipo unali chimodzi mwa zifukwa zimene opeka nyimbo anayambitsira bungwe lotolera malipiro awo mu 1914. Kuyambira mu 1924 kufikira mu 1939 nyimbo ya Hiawatha inkaseweredwa m'holoyi pafupifupi chaka chilichonse, oimba mazanamazana atavala nthenga, mipando itadzaza usiku ndi usiku.

OIMIRIRA

Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse inasiya holo ili chiimire, itangovulala pang'ono. Ena amati oyendetsa ndege a ku Jeremani ankaisunga dala kuti iziwasonyeza njira. Koma holo ina ya mu London, Queen's Hall, inapsa ndi mabomba usiku wa pa 10 May 1941. Kumeneko ndi kumene kunkachitikira nyimbo zotchedwa Proms, zimene Robert Newman ndi Henry Wood anayambitsa mu 1895 ndi cholinga chakuti anthu osauka amve nyimbo zabwino pa mtengo wotsika, ataimirira. Nyumba yawo itapsa, nyimbozo zinasamukira ku Royal Albert Hall chaka chomwecho.

Kuyambira pamenepo, chaka ndi chaka kwa milungu ngati isanu ndi itatu, kuchokera mu July kufikira mu September, mipando ya pakati pa bwalo imachotsedwa, ndipo anthu mazanamazana amaimirira pamenepo ndi pa khonde la pamwamba penipeni. Wailesi ya BBC imaulutsa zonse. Chodabwitsa n'chakuti pa masiku amenewa wolipira pang'ono ndiye amaima pafupi ndi oimba, pamene wolipira zambiri ali kumbuyo kwake. Ngati pali nthawi imene holo imafanana ndi chimene Albert ankafuna, ndi imeneyi. Ndipo inadza mwangozi, chifukwa cha bomba la anthu a kwawo kwa Albert yemweyo.

CHIPINDA CHA MFUMU NDI MIPANDO INA IJA

Alendo ambiri amadikira mwachidwi kuona malo achifumu. Namulondola amawalowetsa m'chipinda chopumuliramo a banja lachifumu, m'mene makoma ake ali ndi zithunzi za mafumu kuyambira pa Victoria, nawasonyeza chipinda choonerera cha mfumu. Imeneyi ndiyo mipando 20 imene Victoria anagula, ndipo kuyambira mu 2022 mwini wake ndi Mfumu Charles. M'menemo alendo salowamo. Amasuzumira ali m'chipinda choyandikana nacho. Akatero amaona kuti tizipinda totere tazungulira bwalo lonse, mizere itatu, makatani ake ofiira. Ndipo wina amafunsa kuti, "Nanga timeneti n'tayani?"

Yankho lake ndi lija la Henry Cole. Holo ili ndi mipando 5,272, ndipo yoposa 1,200 mwa imeneyo ili ndi eni ake kufikira lero: ena ndi zidzukulu za ogula oyamba, ena ndi anthu achuma ndi makampani amene anagula pambuyo pake. Mtengo wake unakwera modabwitsa. Mu 2017 kachipinda kamodzi ka mipando 12 kanatsatsidwa pa mapaundi 2,500,000.

Vuto lake silinachedwe kuoneka. Wokonza nyimbo akabwereka holo ankapeza kuti pafupifupi mpando umodzi mwa inayi iliyonse sangaugulitse, ndipo ndi mipando yabwino. Eni ake akapanda kubwera, inkakhala yopanda anthu, ena atabwezedwa pakhomo. Holo yokha inkasowa ndalama zokonzera denga ndi kulipira antchito, kotero kuti mu 1876 Nyumba ya Malamulo inalamula eni mipando kusonkha chaka ndi chaka, ndipo lamulo la mu 1966 linalongosola masiku amene holo ingatenge mipandoyo ndi kuigulitsa kwa anthu onse.

Mkangano wa masiku ano uli pa matikiti. Mwini mpando amalandira tikiti ya masiku ambiri a pa chaka, ndipo lamulo limamulola kuigulitsa pa mtengo uliwonse umene angapeze. Pakabwera woimba wotchuka, ena amagulitsa matikiti awo pa intaneti pa mtengo woposa wa pakhomo kangapo konse. Tsono holo inalembetsedwa ngati bungwe lothandiza anthu, losafuna phindu, koma ambiri mwa akuluakulu oiyendetsa amasankhidwa pakati pa eni mipando omwewo. Bungwe la boma loyang'anira mabungwe otere, la Charity Commission, ladandaula za ichi kwa zaka zambiri, likunena kuti munthu sangaweruze bwino mlandu umene thumba lake lili momwemo, ndipo nkhaniyo inafika mpaka m'Nyumba ya Malamulo.

Eni mipando nawo ali ndi mawu awo, ndipo si opanda pake. Amati ndalama za makolo awo ndizo zinamanga nyumbayo; amati amasonkha chaka chilichonse ndi kupereka mipando yawo masiku ambiri; amatinso holo silandira thandizo la boma la chaka ndi chaka monga nyumba zina zotere, koma imadzidyetsa yokha. Zonsezi n'zoona. N'zoonanso kuti mliri wa Covid utatseketsa holo mu March 2020, kwa nthawi yoyamba chithere nkhondo, chuma chake chinagwa kwambiri, ndipo bwenzi aliyense anali wofunika. Komabe mphunzitsi kapena namwino amene wasunga ndalama miyezi itatu kuti akamve woimba amene amamukonda, napeza kuti matikiti atha pakhomo koma alipo kwa mwini mpando pa mtengo wa malipiro ake a mwezi, sangatonthozedwe ndi mbiri ya 1867. Bowa anapachikidwa m'chaka chimodzi chifukwa denga silitsutsa. Pangano lolembedwa n'lovuta kuposa galasi, ndipo ili lidzatha m'zaka za m'ma 2860.

POTSIKA

Ulendo umafika pa khonde la pamwamba lija, pamene munthu amaona bwalo lonse pansi pake ndi bowa ali pafupi ndi mutu wake. Mwayi ukalola, alendo amapeza oimba akuyeseza za madzulo, atavala zovala wamba, wotsogolera akuwaimitsa ndi kuwabweza pa mzere womwewo kachitatu. Masiku ena amapeza antchito akuyala bwalo la nkhonya kapena akumanga zingwe za anthu ochita masewera a m'mwamba. Katundu yense amatulukira pansi, pakuti pa kukonza kwakukulu kwa pakati pa 1996 ndi 2004 anakumba malo pansi pa masitepe a kumwera pamene malole amalowa osaoneka, namanganso khonde latsopano la khomo la nambala 12 lofanana ndi makonde akale atatu aja, kotero kuti ambiri sadziwa kuti ndi la dzulodzulo.

Potsika, namulondola amaloza chala ku mipando ya m'munsi, m'chigawo cholembedwa K. Mwala wofiira umene Victoria anaika mu 1867 uli pamenepo, pansi pa mpando wina wa mzere wa 11, ndipo madzulo aliwonse pamakhala munthu amene wagula tikiti yake, chikhoti atachiika pa maondo, akudikira kuti nyale zizime.